Mabotolo atatu ochokera ku Joni

Katoni inafika Loweruka masana, kutatsala masiku ochepa kuti Khirisimasi ya 2023 ikwane, itakulungidwa selotepi ngati muli chinthu choti chingathawe. Amene mumakhala ku Mangochi kuno mukudziwa mmene zimakhalira mwana akatumiza katundu kuchokera ku Joni. Transipota amaimba foni ali pa Mwanza, aimbanso ali pa Liwonde, ndipo akamafika pa boma nyumba yonse imakhala itayamba kale kulimbirana zinthu zimene sinazione. Munali bulangete, mafuta ophikira, nsapato za bambo ake, ndi kajumbo kolembedwa kuti "Amayi okha". M'kajumbomo ndinapezamo mabotolo atatu oyera a mapiritsi. Lina linali la potaziyamu, lina la maginiziyamu, lachitatu la kashiamu.

Usiku womwewo mwana wanga wachisamba anatumiza mawu pa WhatsApp. "Amayi, amenewo ndi michere ya m'thupi, ndi achilengedwe, mulibe makemikolo. Abwana anga amamwa omwewo ndipo BP yawo inatsika. Muzimwa tsiku lililonse." Ndinamvetsera katatu. Mwana amene amaima tsiku lonse m'shopu ya eni ku Fordsburg, n'kupatula marandi ake kuganizira mayi wake. Ndinalira pang'ono, ndisaname.

Ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndili ndi zaka 54. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma banja ndi ntchito zinandikhazika kuno zaka zoposa 20 zapitazo. BP anandipeza nayo mu Okutobala 2021. Ndinapita kuchipatala ndi mutu umene unkandigwira kunkhongo, ndikuyesa malungo, apo ayi dzuwa, pakuti Okutobala wa ku Mangochi amawawula munthu ngakhale ali pamthunzi wa mango. Malungo sanapezeke. Anesi anandimanga kalamba kaja pamkono, anapopa, anayang'ana, n'kupopanso.

"Mayi, mwabwera chothamanga?"

"Ayi, ndakwera kabaza."

Analemba m'buku langa la kuchipatala kuti 172/104, n'kundiuza kuti ndibwerenso masiku ena awiri, chifukwa sagamula ndi muyeso umodzi. Maulendo onsewo nambala ya pamwamba sinatsike pa 160. Anandifotokozera kuti ya pamwambayo ndi mphamvu imene magazi amakankhira mitsempha mtima ukamapopa, ya pansiyo ndi imene imatsala mtima ukapumira, ndipo zikamangokhala pa 140/90 kapena kupitirira, amenewo ndi matenda. Mutu uja unasiya wokha patatha masiku awiri. BP inatsala. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma, ndipo matenda awa ndi otero ndithu: kafukufuku amene unduna wa zaumoyo unachita ndi bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO mu 2009 anapeza kuti pa akuluakulu atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno, mmodzi anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa n'komwe.

Anandiyambitsa kam'bulu kotchedwa HCTZ, kaja kokodzetsa. Amene anaphunzitsapo kalasi ya ana oposa 100 amvetsa vuto lake. Chimbudzi cha aphunzitsi pa sukulu yathu chili kuseri kwa bwalo la mpira, ndipo ukangotuluka mphindi zisanu umapeza m'kalasi muli msika. Patapita miyezi anawonjezera enalapril. Kenaka kunabwera chifuwa chouma, chokanda pakhosi, chosatulutsa kanthu, chimene chinkayamba ndikangogona. Bambo akunyumba anandikakamiza kukayezetsa TB. Sinapezeke. Ndinamwa mandimu, uchi, jinja, chifuwa chili pompo.

Pamwamba pa zimenezi panali nkhani za anthu. Mu ofesi ya aphunzitsi, ku Mvano, pa maliro, kulikonse kumene amayi a msinkhu wanga akhala pamphasa, nkhani ya BP siilephera. "Mankhwala amenewo ukangoyamba susiya." "Amapha impso." "Mlamu wanga anasiya, akungomwa adyo, ali bwinobwino." Masiku ena ndinkapita kukatenga mankhwala n'kupeza atha, ndiye kukagula ku famase. Ndalama ya kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya ku famase nayo inalumpha. Choncho mabotolo aja anapeza mtima wanga uli wolimalima kale, wongodikira mbewu.

Sindinauze munthu. Sukulu zinali zotseka, ndinangosiya kumwa a kuchipatala aja, n'kuwaika m'chitini cha singano, n'kuyamba atsopanowa. M'mawa uliwonse mibulu itatu, ikuluikulu yooneka yodula, osati tating'onoting'ono ta m'kapepala ta kuchipatala.

Pano ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ndi pamene ndinapusira. Ndinapeza bwino. Sindikunama ayi, ndinapezadi bwino. Kukodzakodza kunatha. Pasanathe milungu iwiri chifuwa chija chinazimiririka, ndinayamba kugona mpaka tambala. Ndinkadzuka wopepuka. M'mimba mokha ndi mmene munkasokonekera, ndinkatsegula pang'ono pafupifupi tsiku lililonse, koma mnzanga wina anati ndiye kuti mankhwala akutsuka zoipa m'thupi, ine n'kuvomera. Ndinafika pouza aphunzitsi anzanga awiri kuti nawonso auze ana awo awatumizire. Kukayezetsa sindinapite. Ndipitirenji, poti thupi linkandiuza lokha kuti ndachira?

Inatha milungu isanu ndi iwiri.

Linali Lachiwiri, mu Febuluwale 2024, nthawi ya masamu mu Sitandade 6. Ndikulemba pabolodi choko chinagwa. Ndinawerama kuti nditole, zala za dzanja lamanja zinakana kugwira. Ndinafuna kuuza mtsikana wa kutsogolo kuti anditolere, koma lilime linalemera ngati ndavumata mbatata yamoto, mawu anatuluka opotoka. Ana anaseka, ankayesa madamu akuchita nthabwala. Mnyamata wina wamkulu wa kumbuyo ndi amene anaona kuti pakamwa panga papendekera, n'kuthamangira kwa ahedi.

Pamene njinga yamoto inkafika, zonse zinali zitabwerera m'malo. Dzanja linkagwira, mawu ankamveka. Ndinati ndingopita kunyumba ndikagone, mwina ndi njala. Ahedi anakana. "Madamu, mukakwiya mukwiye, koma mukupita kuchipatala." Ndimawathokoza mpaka lero. Ngati wina waona nkhope ya mnzake yapendekera mbali imodzi, mkono wafooka mwadzidzidzi kapena mawu akupotoka, asadikire kuti aone ngati zisinthe, ndipo zikasintha zokha asanyengeke. Apite nthawi yomweyo.

Makina anaonetsa 198/116.

Adokotala amene anandiona anali wachinyamata, msinkhu wa mwana wanga yemwe uja. Anafunsa modekha, "Amayi, mankhwala anu mwamwa lero?"

"Ndamwa."

Anatsegula buku langa, anatembenuza masamba, anaima pa tsiku lomaliza limene ndinalandira mankhwala. Linali la mu Novembala. Anandiyang'ana. "Mwamwa ati?"

Munthu wamkulu, wophunzitsa ana kunena zoona, ndinangoti zyoli.

Anandiuza kuti chimene chinandichitikira ndi chenjezo la sitiroko: kamtsempha ka mu ubongo kanatsekeka kanthawi kochepa n'kutsegukanso, ndipo masiku otsatira chenjezo lotere ndi amene sitiroko yeniyeni, yopha ziwalo ija, imakonda kubwera. Anandigoneka masiku awiri, ananditenga magazi kuti aone impso, n'kutuma bambo akunyumba kuti akatenge chilichonse chimene ndinkamwa. Bambowo ndiye anadziwira pomwepo. Nkhope imene anabwera nayo atanyamula kajumbo kaja sindidzaiiwala.

Ndinkayembekezera kukalipiridwa. M'malo mwake adokotala aja anakoka mpando, anatenga botolo la potaziyamu, n'kundipatsa. "Mwati ndinu aphunzitsi. Masamu ndi anu. Werengani apa, m'bulu umodzi muli zingati?"

Panalembedwa 99 mg.

"Bungwe la WHO limati munthu wamkulu azipeza mamiligalamu osachepera 3,510 a potaziyamu pa tsiku. Ndiye mibulu ingati?"

Ndinawerengera kuchikuto kwa buku la kuchipatala lomwelo. Inakwana 35, n'kutsalako zina. Ine ndinkamwa umodzi. Kenaka anandiuza kuti nthochi imodzi yapakatikati ili ndi mamiligalamu pafupifupi 400, kutanthauza kuti nthochi imodzi ya pa msika wa pa boma inkaposa mibulu inayi ya m'botolo lowoloka malire atatu.

Mutu wa mphunzitsi suchedwa kupeza yankho lolakwika. Ndinati, "Ndiye kuti ndikanamamwa yambiri."

Apa nkhope yawo inasintha. Anati ayi, ndipo ndisadzayerekeze. Potaziyamu wotsala m'thupi amachotsedwa ndi impso. Impso zikafooka, monga zimachitira mwa anthu ambiri amene akhalitsa ndi BP kapena shuga, amaunjikana m'magazi. Mankhwala ena a BP, monga enalapril amene ndinkamwa uja ndi ena otchedwa spironolactone, nawonso amachititsa thupi kusunga potaziyamu. Akachuluka amasokoneza kagundidwe ka mtima, mpaka mtima utha kungoima, nthawi zina popanda chizindikiro choti munthu n'kuthamangira kuchipatala. Mapiritsi a potaziyamu amphamvu alipo, koma amaperekedwa munthu atayezedwa magazi n'kupezeka kuti wachepadi. Choncho a m'botolo langa anali ochepa moti sakanandithandiza, ndipo kuwachulukitsa kukanandiika m'dzenje lina.

Nditamva zimenezi thupi linazizira, chifukwa ndinali nditalonjeza kale achimwene anga a ku Ntcheu kuti ndiwagawira theka la botolo lomwelo. Iwowo ali ndi shuga, ndipo kuchipatala anawauza kale kuti impso zawo zafooka. Chinawapulumutsa n'chakuti sindinapeze munthu wopita kumudzi.

Za maginiziyamu anati si bodza kuti amatsitsako BP, koma funso ndi lakuti amatsitsa bwanji. Mu 2016 akatswiri anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 34 wosiyanasiyana, n'kupeza kuti anthu omwa mapiritsiwa kwa miyezi ngati itatu BP yawo inatsika ndi manambala awiri okha. Awiri. Yanga inkafunika kutsika ndi 58 kuti ingofika pa 140. Kunali ngati kukapa madzi m'bwato lobooka ndi chivindikiro cha botolo. Kutsegula m'mimba kuja sikunali kutsuka kanthu ayi, ndi khalidwe lodziwika la mapiritsi a maginiziyamu, ndipo n'chifukwa chake mankhwala ena ofewetsa m'mimba amapangidwa ndi iye yemweyo.

Atafika pa kashiamu anamwetulira. "Amayi, muli ndi pakati?" Wodi yonse inaseka, ngakhale agogo amene anagona bedi loyandikana nane. Anati kumene kashiamu amathandiza moonekeratu ndi kwa amayi oyembekezera amene sapeza wokwanira m'zakudya. Kwa amenewo WHO imalimbikitsa magalamu 1.5 mpaka 2 pa tsiku pofuna kupewa BP yoopsa ija ya pa mimba, ndipo zimenezo ndi zokambirana ku sikelo. Kwa munthu ngati ine phindu lake pa BP ndi lochepa kwambiri, komanso HCTZ amachititsa kale thupi kusunga kashiamu, ndiye kuwonjezera mapiritsi mwachisawawa si nzeru. "Ndiponso inu a kunyanja mumatafuna usipa ndi minga yomwe. Kashiamu wake ndi ameneyo."

Ndisawanamizire mabotolo aja. Sanali achinyengo, ndipo palibe pamene panalembedwa kuti munthu asiye mankhwala a kuchipatala. Zimenezo ndinawonjezera ndekha. Chinandikola ndi mawu aja akuti achilengedwe, ngati kuti chilichonse chachilengedwe n'chofatsa. Ululu wa mphiri nawonso ndi wachilengedwe. Masiku ano ndikamva achimkuzamawu a pa msika akutsatsa botolo limodzi lochiza BP, shuga, nyamakazi ndi kusabereka, ndimafuna kufunsa ngati bungwe la PMRA, loyang'anira mankhwala m'dziko muno, likulidziwa botolo limenelo.

Chimene chinandipweteka koposa ndi nkhani ya chifuwa. Nditafotokoza kuti chinatha nditasiya mankhwala, adokotala anagwira mutu. Chifuwa chouma ndi vuto lodziwika bwino la enalapril, ndipo munthu akadandaula amangomusinthira mankhwala ena. Chaka chathunthu ndikutsokomola, ndikumwa uchi, ndikupereka makhololo, osanenapo ngakhale kamodzi kwa amene ankandilembera mankhwalawo kuti chinayamba liti. Safunsa anadya phula. HCTZ anati ndipitirize, koma m'malo mwa enalapril anandipatsa amlodipine. Ameneyu amanditupitsa akakolo pang'ono madzulo, ndipo ulendo uno ndinakanena.

Tsiku lotuluka anandiuza kuti ngati ndikufunadi kulimbana ndi BP pogwiritsa ntchito michere, nkhondo yake ili kukhitchini, ndipo mchere woyamba kuuganizira si wowonjezera koma wochotsa. Mu mchere wathu wa ndiwowu muli sodiyamu, amene amasunga madzi m'thupi n'kukweza BP. Potaziyamu wa m'zakudya amathandiza impso kutaya sodiyamuyo. Muyezo wa WHO ndi mchere wosafika magalamu 5 pa tsiku kwa munthu wamkulu, kuwerengera zonse zimene wadya. Imeneyo ndi sipuni yaing'ono ya tiyi imodzi, yosasefukira.

Ndinkadziona ngati munthu wosakonda mchere. Ndiye ndinachita zauphunzitsi. Pakhomo pathu tilipo asanu: ine, bambo, adzukulu awiri ndi mwana wa mchemwali wanga amene amatiphikira ndikakhala ku sukulu. Anthu asanu pa magalamu 5 ndi magalamu 25 pa tsiku, ndiye paketi ya magalamu 500 iyenera kukhala masiku 20, ndipo kumeneko n'kuwawerengera ana ngati akuluakulu. Ndinagula paketi yatsopano, ndinalembapo deti, osauza aliyense. Inatha pa tsiku la 9.

Ndipo umenewo unali mchere wa m'paketi wokha. Usipa wofutsa umene timagula umakhala utawiritsidwa kale m'madzi a mchere, ife n'kudzathiranso wina mumphika. Timibulu tokometsera ndiwo tija ndi mchere wokhawokha wovala zovala. Buledi wa m'mawa ali ndi mchere. Chipisi cha pa chiwaya, kanyenya, mtedza wokazinga, mango aawisi amene adzukulu amadya ndi mchere ndi tsabola, ine n'kumalawako. Chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi soda. Sindinkadziwa kuti soda wa therere ndi chigwada uja nayenso ndi sodiyamu, ngakhale samveka mchere pa lilime. Kwathu tinkathira mosayeza, kuti masamba afewe msanga makala asathe.

Zinandikumbutsa mayi anga. Iwo sankagula soda. Ankawotcha zitsononkho kapena mapesi a nyemba, phulusa lake n'kuliika m'kamphika kobooka pansi, kuthira madzi, n'kudontheza chidulo. Phulusa la zomera limakhala ndi potaziyamu wambiri osati sodiyamu. Ife ophunzira tinachisiya chidulo poti n'chachimidzi. Pano ndinabwerera, pa therere pokha, pang'ono pokha. Si mankhwala, ndipo achimwene anga aja ndi impso zawo sindingawapatse.

Nkhondo yeniyeni inali ndi bambo akunyumba. Iwo ndi mbadwa ya kuno, ya tsidya la ku Malindi, ndipo amakonza injini za maboti. Tsiku loyamba kuchepetsa mchere analawa ndiwo, anaika mbamu pansi, n'kufunsa kuti, "Kodi odwala m'nyumba muno tilipo angati?" Mfundo yawo inali yakuti kuno kumatentha, munthu amakhetsa thukuta tsiku lonse, ndiye mchere uyenera kubwerera. Ndinakafunsa. Anandiyankha kuti chimene munthu wogwira ntchito padzuwa amasowa kwambiri ndi madzi, ndipo mchere umene timadya kale ndi woposa umene thukuta limachotsa. Pamene pasafunike kuumira mchere ndi pa kutsegula m'mimba. Tonse tikukumbukira kolera imene inavuta kuno mu 2022 ndi 2023. Munthu akatsegula kwambiri amwe thanzi, kaya ali ndi BP kaya alibe, n'kuthamangira kuchipatala atanyamula mankhwala ake onse kuti akawaone.

Ndinalakwitsa poyamba pochotsa mchere wambiri kamodzi. Ndiwo zinkabwerera, ndipo ndinagwira bambo akusunga kamchere kawo m'kapepala m'thumba la ovolosi. Ndiye ndinasintha nzeru. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Ndinauza mwana wa mchemwali wanga kuti asiye kuthira ndi dzanja, azithira ndi sipuni, ndipo mlungu uliwonse tinkachepetsako pang'ono osalengeza. Kambale ka mchere kanachoka pa tebulo. Usipa wofutsa timayamba tauviika m'madzi ofunda n'kutaya madziwo. Koma mwayi wathu a ku Mangochi ndi wakuti sitikakamizika kudya nsomba zamchere ngati anzathu a kumtunda. Ukalawira umapeza usipa wauwisi, utaka, nthawi zina kachambo ndalama zikalola. Nsomba yauwisi yothira tomato wambiri, anyezi, adyo, kambuzi ndi mandimu pomaliza siifunsa mchere wochuluka. Masamba otendera nawonso amabisa bwino kuchepa kwa mchere, ndipo nsinjiro zomwezo zili ndi maginiziyamu.

Lilime limaphunzira, ngakhale la munthu wamkulu. Patatha miyezi iwiri tinapita ku ukwati ku Namwera, ndipo anali bambo omwewo amene anandinong'oneza kuti ophika athira mchere ndi fosholo.

Za ufa ndiye zinandichititsa manyazi ndi kuseka nthawi imodzi. Ine ndinakulira kunyada ndi ufa woyera, wokonola, woviika, woyanika pamphasa mpaka kuwala. Mgaiwa tinkati ndi wa ku sukulu zogonera ndi kundende. Koma maginiziyamu wambiri wa m'chimanga ali m'khungu ndi m'kamtima kake, zimene zimapita ndi madeya. Kunena kwina, nkhuku zanga zinkadya chimene mwana wanga ankandigulira ndi marandi. Pano timasakaniza, theka mgaiwa theka woyera, ndipo phala la m'mawa ndi la mgaiwa wokhawokha, nthawi zina lothira ufa wa malambe, poti milambe kuno ili mbwee njira yonse ya ku Monkey Bay. Nyemba, nandolo ndi khobwe zinachoka pa ndiwo za kumapeto kwa mwezi n'kukhala za dala. Mbatata inalanda malo a buledi masiku ambiri. Bonongwe amene ndinkazula ngati udzu kuseri kwa bafa pano ndimamuthirira. Nthochi ndi mapeyala, nyengo yake ikafika, sizisowa m'nyumba.

Zimenezi ndi za ine, amene magazi anaonetsa kuti impso zili bwino. Achimwene anga anauzidwa zosiyana, kuti nthochi ndi mapeyala azidya mochepa. Matenda dzina limodzi, malangizo awiri. N'chifukwa chake ndinabwerera kwa aphunzitsi anzanga awiri aja kukabweza mawu anga, ndipo mmodzi anali atatumiza kale uthenga ku Cape Town.

Kuuza mwana wanga kunali kovuta kuposa kuuza adokotala. Anakhala chete pa foni nthawi yaitali, kenaka anati, "Ndiye kuti ndikanakuphani ndine, amayi." Ndinamuuza kuti iye anatumiza mabotolo, koma amene anatseka mankhwala m'chitini cha singano ndine. Anafunsa kuti nanga atumize chiyani. Ndinati makina oyezera BP, a pamkono osati a padzanja, ndi mabatire ake.

Pa zonse zimene zinatulukapo m'makatoni a ku Joni, palibe choposa makina amenewo. Ndimayeza m'mawa ndisanamwe tiyi, nditakhala pampando mphindi zisanu, msana utatsamira, mkono uli pa tebulo, osayankhula. Ndimayeza kawiri n'kulemba m'kope ngati kaundula wa kalasi, ndipo kopelo ndimapita nalo kuchipatala. Miyezi yambiri tsopano imasewera cha m'ma 134/84. Mankhwala ndimamwa tsiku lililonse, ndipo akatsala a mlungu umodzi ndimayamba kale kufunafuna ena. Gawo la mankhwala ndi liti, gawo la mphika ndi liti, sindilekanitsa, ndimangogwira zonse ziwiri.

Mwanayo sanatheretu nazo za michere. Mu 2025 anatumiza paketi ya mchere wina umene gawo lina la sodiyamu analichotsa n'kuikamo potaziyamu. Ulendo uno anali ndi umboni weniweni. Ku China anachita kafukufuku m'midzi 600, pa anthu pafupifupi 21,000, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2021 zinaonetsa kuti sitiroko inachepa ndi 14 peresenti mwa amene ankadya mchere woterewu. Mu Januwale 2025 WHO inavomereza kuti akuluakulu atha kuugwiritsa ntchito, koma malangizowo sakhudza a vuto la impso, amayi oyembekezera ndi ana. Paketiyo sindinaitsegule. Ndinapita nayo kuchipatala ili yomata, anandiyezanso magazi, anaona kuti enalapril ndinasiya kalekale, anayang'ananso ngati muli ayodini woteteza chithokomiro ngati mu mchere wathu wa m'sitolo, ndiye n'kundilola. Poti m'nyumba muli ana, ndimapatula ndiwo zanga mchere usanathiridwe n'kuwazamo wangawo pang'ono. Umawawirako kumapeto kwa lilime, koma ndinauzolowera.

Mabotolo atatu aja ndinataya mibulu yake m'chimbudzi chokumba. Limodzi ndimasungiramo mabatani, lina njere za bonongwe, lachitatu adzukulu analitenga.

Lamlungu lapitali ndikuyeza, bambo akunyumba anaima pakhomo akundiyang'ana monga amachitira, ngati ndikuombeza. Ndinati, "Bambo, tabwerani tingoona." Anakana kawiri, kachitatu anakhala pansi n'kupinda malaya. Makina analira, anafinya, n'kuonetsa 158/96. Tinadikira mphindi zingapo n'kubwereza. 156/96. Iwo akuti makina a ku Joni sadziwa magazi a anthu a kunyanja, ndipo mwina mabatire afooka. Mabatire ndinasintha dzulo lake. Lachinayi tikupita limodzi, ndauza kale wakabaza kuti abwere ndi mnzake.